Galafu ikuti nsanja ili bata koma makina akutayabe lock: mofufuzira pamene palakwika

Vutoli limabwera mobwerezabwereza kwa aliyense amene wayamba kuyeza mmene makina ogwira mafunde a mphamvu yokoka amatetezedwera ku kugwedezeka kwa nthaka. Mwajambula mizere iwiri pa galafu, wina wa nthaka, wina wa nsanja yonyamula magalasi. Mzere wa nsanja uli pansi kwambiri, mwina kuchepa ka 100 kapena ka 1000. Mwalemba kuti zonse zili bwino. Mukatsegula aLOG, buku limene ogwira ntchito ku LIGO, makina otere a ku America, amalembamo za tsiku ndi tsiku ndipo aliyense angaliwerenge pa intaneti, mukupeza kuti usiku womwewo makina anataya lock kangapo, kutanthauza kuti kuwala kwa laser kunaleka kukhazikika pakati pa magalasi. Nthawi zambiri galafuyo sinaname. Yangoyankha funso lina, osati limene munkafuna kufunsa.

Ku Zomba kulibe makina oterewa, ndipo mu Africa monse mulibe. Awiri a LIGO ali ku Hanford ndi ku Livingston m'dziko la America, ndipo mikono yawo ndi yotalika makilomita 4. Virgo ili pafupi ndi Pisa ku Italy, KAGRA ili pansi pa phiri ku Kamioka ku Japan, onsewa a makilomita 3. Koma wophunzira fizikisi ku Chirunga amene ali ndi laputopu ndi Python angathe kugwira ntchito ndi data yotseguka ya GWOSC, tsamba la pa intaneti losunga data ya makinawa, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya GWpy, ndi data ya ma seismometer, zipangizo zoyezera kugwedezeka kwa nthaka, kudzera mu pulogalamu ya ObsPy. Ndipo zolakwika zonse zili m'munsimu zimachitikanso pa kathebulo ka mu labu kokhala ndi ma geophone (masensa ang'onoang'ono oyeza kugwedezeka) awiri ndi koyilo imodzi.

Chimene chikutetezedwa

Pa 10 Hz nthaka imagwedezeka pafupifupi 10⁻⁹ m/√Hz, pamene galasi lalikulu la LIGO, lolemera makilogalamu 40, liyenera kukhala pafupi ndi 10⁻¹⁹ m/√Hz. Ntchitoyi yagawidwa patatu. Kunja kwa thanki ya vacuum kuli HEPI, yokankha ndi mphamvu ya madzi apadera oyenda m'mapaipi. M'kati muli nsanja yotchedwa ISI: ya gawo limodzi m'mathanki ang'ono a HAM, ya magawo awiri m'mathanki aakulu a BSC. Pansi pa nsanjayo palendewera pendulum ya magawo anayi, ndipo galasi lili pa gawo lomaliza, pa tizingwe ta silica. Pamwamba pa ma frequency ake achibadwa, amene ali pakati pa 0.4 Hz ndi 4 Hz, pendulumyi imachepetsa kugwedezeka molingana ndi 1/f⁸, pamene f ndi frequency. Pansi pa 0.4 Hz sithandiza kanthu: galasi limangotsatira nsanja. Ndiye kuti lock imatayika kapena kupulumuka chifukwa cha zimene nsanja ikuchita pakati pa 0.03 Hz ndi 1 Hz, dera limene ambiri amangoliyang'ana mwachidule pothamangira ku 10 Hz.

Mwafunsa sensa iti?

Yambirani pano nthawi zonse, chifukwa apa ndi pamene pagona zolakwika zambiri.

Lupu ya feedback ili ndi ntchito imodzi: kukankha nsanja mpaka sensa imene ikuiwongolera iwerenge ziro. Ngati gain ya lupu, mlingo umene imakuzira chizindikiro, ndi G, chimene sensayo ikuonetsa chimachepa ndi 1/(1+G). Koma sensa imaonetsa zinthu ziwiri zosakanikirana, kugwedezeka kwenikweni ndi phokoso lake la m'kati. Lupu sitha kuzisiyanitsa. Gain ikakhala yaikulu, lupu imagwedeza nsanja mwadala kuti ifafanize phokoso la sensa, ndipo sensa imaonetsa bata pamene nsanja ikuyenda ndi mlingo wa phokoso lomwelo. Kuweruza nsanja ndi sensa ya m'lupu kuli ngati kupatsa wophunzira cholembera chofiira kuti adzichongere yekha mayeso.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Pa galafu yomweyo jambulani mzere wachitatu, wa phokoso la sensa pa yokha. Paliponse pamene mzere wa nsanja wadutsa pansi pa mzere wa phokosowo, musaukhulupirire. Kugwedezeka kwenikweni sikungakhale pansi pa phokoso la sensa imene ikulamulira pa frequency imeneyo.

Mankhwala ake ndi mboni, sensa imene ili pa nsanja koma siili m'lupu. Apa pamafunika kudziwa sensa iti ikulamulira pati. Nsanja ya ISI ili ndi masensa a mitundu iwiri. Ma CPS amayeza mtunda wa pakati pa nsanja ndi chimene yakhalapo, ndipo ndi amene amalamulira pa ma frequency otsika. Ma seismometer ndi ma geophone, monga T240 ndi L4C pa gawo loyamba la BSC ndi GS13 pa gawo lachiwiri komanso pa HAM, amalamulira pamwamba. Pamene mitundu iwiriyi imapatsirana ulamuliro ndi pa blend frequency. Tsono GS13 ndi sensa ya m'lupu pamwamba pa blend, koma pansi kwambiri pa blend imakhala ngati mboni, bola phokoso lake lilole. Mboni yabwino kuposa zonse ndi kuwala komwe: mphamvu imene lupu ya cavity, mpata wa pakati pa magalasi mmene kuwala kumapita n'kubwerera, ikugwiritsa ntchito kuti magalasi awiri asatalikirane imakuuzani mwachindunji mmene nsanja ziwiri zikuyendera mosiyana. Pa kupendekeka kwa galasi, optical lever, kuwala kwa laser kogunda galasi n'kubwerera pa sensa, imathandiza.

Ngati mulibe mboni, werengerani. Gain ikakhala yaikulu, nsanja imayenda pafupifupi L×(nthaka + phokoso la CPS) + H×(phokoso la seismometer), pamene L ndi fyuluta yodutsitsa ma frequency otsika, H ndi yodutsitsa okwera, ndipo L + H = 1. Jambulani gawo lililonse pa lokha, kenako phatikizani powerengera sikweya ya lililonse, kuwonkhetsa, ndi kutenga square root. Gawo limene lili pamwamba pa ena pa frequency ina ndilo loyenera kukonza pamenepo. Kukweza gain pamalo pamene phokoso la sensa ndilo likulamulira sikusintha kalikonse pa nsanja, kumangokongoletsa galafu.

Phokoso la sensa musalitenge m'kabuku ka fakitale kokha. Ikani masensa atatu pamodzi pa konkire imodzi, muwalunjike mbali imodzi, muwaphimbe ku mphepo, mujambule usiku wonse. Chimene onse atatu akuona ndi nthaka, chotsala pa aliyense ndi phokoso lake. Ndi masensa awiri mungadziwe kuti pali phokoso, koma simungadziwe kuti ndi la uti.

Mayunitsi

Ma seismometer monga STS-2 ndi T240 amatulutsa liwiro, osati mtunda. Kuti mupeze mtunda gawani ndi 2πf. Msampha wake ndi uwu: pa 0.16 Hz, 2πf ndi pafupifupi 1, ndipo apa ndi pomwe pali chitunda chachikulu cha galafu, cha microseism yofotokozedwa m'munsimu. Munthu woiwala kugawa amayang'ana chitundacho, naona kuti manambala akugwirizana ndi a anzake, n'kupitirira. Pa 10 Hz amakhala ataphonya ka 63.

Ma geophone ali ndi lawo. L4C ndi GS13 ali ndi frequency yachibadwa pafupi ndi 1 Hz, ndipo pansi pake kumva kwawo kumagwa molingana ndi f². Pa 0.1 Hz akumva kochepa ka 100. Geophone wamba wa 4.5 Hz, amene ndi wosavuta kupeza, pa 0.15 Hz akumva kochepa ka 900. Mukabweza kugwaku pa kompyuta, phokoso la amplifier limakwera limodzi, ndipo mzere wokwera chakumanzere kwa galafu umakhala wa magetsi, osati wa nsanja.

Onaninso masensa a m'makona paokhapaokha musanakhulupirire X, Y ndi Z. Nsanja ya HAM ili ndi ma GS13 atatu ogona ndi atatu oimirira, ndipo matrix ndi imene imawasandutsa X, Y, Z, RX, RY ndi RZ (atatu omalizawa ndi a kuzungulira). Atatu ogonawo ayenera kufanana pa galafu. Mmodzi akasiyana ndi anzake ndi nambala yozungulira, monga 10, kawirikawiri ndiye kuti switch ya gain kapena ya whitening (fyuluta yokuza ma frequency ena) pa bolodi siikugwirizana ndi fyuluta yoibweza m'kompyuta. Sensa imodzi yofooka imachititsa kuti kuyenda kwa X kuoneke ngati kuzungulira kwa RZ, ndipo lupu imayamba kupotoza nsanja imene sinali kupotoka.

Zidutswa zazifupi

Spectrum ya Welch, njira yowerengera kukula kwa kugwedezeka pa frequency iliyonse, imadula data m'zidutswa, ndipo chidutswa cha masekondi T chimasiyanitsa ma frequency otalikirana 1/T. Ndi zidutswa za masekondi 16, zonse za pansi pa 0.1 Hz zimaunjikana pa kadontho kamodzi kapena tiwiri. Tengani masekondi 512, Hann window, zidutswa zolowana theka, ndi ma average osachepera 30. Zimenezi zimafuna data ya maola awiri ndi mphindi 12, yopanda chivomerezi pakati. Chotsani mean ndi kutsetsereka kwa mzere musanayambe. Mukasiya window, chitunda cha pa 0.15 Hz chimadontheza mphamvu yake m'ma frequency oyandikana n'kukwirira chigwa chimene mumafuna kuyeza.

Kugawa mzere wa nsanja ndi mzere wa nthaka si transfer function, muyeso wa mmene nsanja ikuyankhira nthaka pa frequency iliyonse. Kumangokuuzani uti uli pamwamba. Werengerani coherence kaye, nambala ya pakati pa 0 ndi 1 yosonyeza mmene zizindikiro ziwiri zikugwirizanira. Pamene coherence ili pafupi ndi 1, nsanja ikutsatira nthaka ndipo transfer function ili ndi tanthauzo. Pamene ili pansi, china chake ndicho chikugwedeza nsanja kapena sensa. Dziwani kuti ma average akakhala N, zizindikiro ziwiri zosagwirizana konse zimaonetsa coherence ya pafupifupi 1/N. Ndi ma average atatu mudzaona 0.3 paliponse. Coherence imakuuzaninso malire a chimene feedforward, kukankha nsanja potengera chizindikiro cha sensa ya pa nthaka, ingachite. Chotsala ndi √(1 − coherence): pa 0.9 mungachepetse katatu kokha, pa 0.99 ka 10.

Kupendekeka kooneka ngati kuyenda

Seismometer yogona siingasiyanitse kukankhidwa cham'mbali ndi kupendekeka. Ikapendekeka ndi ngodya θ, mphamvu yokoka ya dziko imakoka cholemera cha m'kati ndi g×θ, ndipo sensa imalengeza kuti yayenda mtunda wa g×θ/ω², pamene ω ndi 2πf. Manambala ake ndi oopsa. Pa 1 Hz ndi mamita 0.25 pa radian. Pa 0.1 Hz ndi mamita 25. Pa 0.03 Hz ndi mamita 276, ndipo pa 0.01 Hz afika pafupifupi 2500. Kupendekeka kwa 10 nanoradian pa 0.03 Hz kumaoneka ngati kuyenda kwa 2.8 µm. Lupu imakhulupirira, n'kukankha nsanja 2.8 µm kuti ithetse kuyenda kumene kunalibe. Sensa ya m'lupu imaonetsa bata, koma galasi lasuntha ndithu.

Chimene chimapendeketsa pansi kawirikawiri ndi mphepo yokankha makoma a nyumba, ndipo ku Hanford, kumene ndi chipululu cha mphepo, vutoli ndi lalikulu. N'chifukwa chake anaika Beam Rotation Sensor, chipangizo choyeza kupendekeka pa kokha, kuti gawo limeneli lichotsedwe pa chizindikiro cha seismometer ya pansi.

Mungakuzindikire ndi zinthu zitatu. Pansi pa 0.1 Hz mizere ya X ndi Y imakwera kwambiri pamene Z siikusintha, paja sensa yoimirira siimva kupendekeka kwakung'ono. Kukwerako kumatsatira liwiro la mphepo ola ndi ola. Ndipo ma seismometer awiri a m'nyumba imodzi, otalikirana mamita makumi angapo, amataya coherence pansi pa 0.1 Hz, chinthu chosatheka ngati nthaka ikuyendadi, chifukwa mafunde a pa frequency imeneyi ndi otalika makilomita ambiri. Kupendekeka ndi kwa pamalopo, kumasintha kuchoka pakhoma kufika pakati pa chipinda.

Nsanja nayo ingadzipendeketse yokha. Ngati ma CPS oimirira salingana bwino, kukankha kwa X kumabala RY pang'ono, ndipo T240 imauona ngati X winanso. Yesani motere: kankhani nsanja pa X pa ma frequency otsika, mujambule transfer function yochoka pa CPS kupita pa T240 yosandutsidwa mtunda. Iyenera kukhala yafulati. Ikayamba kukwera molingana ndi 1/f² chakumanzere, ndiye kupendekekako, ndipo kukula kwake kukupatsani nambala yoika mu matrix kuti kuthe.

Amene akuyesera ku Zomba adzakuona kumeneku m'miyezi ya June ndi July, mwera ukamawomba. Seismometer yoikidwa pafupi ndi khoma lakunja kapena pansi pa mtengo wautali imayeza khomalo ndi mizu. Ikani pa thanthwe kapena pa konkire ya pansi penipeni, kutali ndi khoma, ndipo muiphimbe ndi bokosi losunga kutentha. Ikangoyatsidwa ipatseni maola ambiri kuti ikhazikike, chifukwa kusintha kwa kutentha kumatulutsa mzere wofanana ndi wa kupendekeka.

Chitunda chimene fyuluta yabweretsa

Pakati pa 0.1 Hz ndi 0.3 Hz pali microseism, kugwedezeka kobwera ndi mafunde a m'nyanja zazikulu akamawombana, ndipo frequency yake ndi kawiri ya mafundewo. Seismometer yabwino iliyonse padziko imaiona, ngakhale ya pa phiri la Zomba, ndipo imakula namondwe akakhala m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Ku Livingston, kufupi ndi Gulf of Mexico, imavutitsa kwambiri m'nyengo yawo yozizira.

Kuti nsanja isatsatire microseism pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsitsa blend, mwachitsanzo kuchoka pa 250 mHz kufika pa 90 mHz kapena 45 mHz, kuti seismometer ya pa nsanja ilamulire kuyambira pansi. Yachiwiri ndi sensor correction: kutenga chizindikiro cha seismometer ya pa nthaka n'kuchiphatikiza ku CPS, kuti CPS ileke kukokera nsanja kumene nthaka ikupita. Zonse ziwiri zili ndi mtengo wofanana. Fyuluta imene ikupondereza pa 0.15 Hz imakweza kugwedezeka penapake pansi pake, kawirikawiri pakati pa 0.03 Hz ndi 0.1 Hz, komwe kuli kupendekeka kwa mphepo ndi mafunde a zivomerezi zakutali. Chitunda chimenechi si chilema cha wopanga fyuluta, masamu ake ndi otero. Mungachisunthe, mungachifupikitse pochitambasula, koma simungachichotse.

Choncho mukaona nsanja ikuyenda kuposa nthaka pa 0.05 Hz, musathamangire kunena kuti china chawonongeka. Jambulani L ndi 1 − SC, pamene SC ndi fyuluta ya sensor correction, muone ngati chitunda chili pomwe modelo ikunena ndiponso pa msinkhu womwewo. Chikagwirizana, makina ali bwino ndipo funso ndi lakuti fyulutayi ikuyenera nyengo ya tsikulo kapena ayi. Tsiku la mphepo yambiri ndi nyanja yabata limafuna blend yokwera. Tsiku la namondwe wa m'nyanja popanda mphepo limafuna yotsika. Tsiku limene zonse zabwera limodzi ndilo lovuta, ndipo fyuluta iyenera kuweruzidwa ndi tsiku lotero.

Ngati sensor correction ikupondereza mochepa kuposa modelo, yang'anani gain ndi phase. Kusiyana kwa 5 peresenti pakati pa calibration ya seismometer ya pansi ndi ya CPS kumaika malire pa kuchepetsa ka 20. Kuphonya phase ndi madigiri 6 kumaika malire pa ka 10. Seismometer yolunjika mokhota madigiri 6 kuchoka pa mkono imalowetsa gawo limodzi mwa magawo 10 a Y mu X. Kuti mupeze gain yoyenera, zimitsani sensor correction, musiye nsanja itsatire CPS, ndipo muyeze transfer function yochoka pa seismometer ya pansi kupita pa T240 ya pa nsanja pa chitunda cha microseism, pamene coherence ili yaikulu.

Nambala imene cavity imamva

Lock siitayika chifukwa cha msinkhu wa mzere pa frequency imodzi. Imatayika ma actuator, zipangizo zokankha galasi, akafika pa malire awo, kapena galasi likathamanga kuposa mmene lupu ingaligwirire. Werengerani RMS, kukula kwa kugwedezeka konse pamodzi, yowunjikana kuchokera kumanja kwa galafu kupita kumanzere, muone pamene mzere wadumpha. Pafupifupi nthawi zonse umadumpha pansi pa 0.3 Hz. Kusintha kumene kwatsitsa mzere ka 10 pa 1 Hz koma kwakweza kawiri pa 0.05 Hz kungathe kukhala koipa. Werengerani RMS ya mtunda ndi ya liwiro, zonse ziwiri, chifukwa sizidumpha pamalo amodzi.

Chinanso n'chakuti cavity imamva kusiyana kwa nsanja ziwiri, osati kuyenda kwa imodzi. Mafunde a pa 0.15 Hz oyenda makilomita 3 pa sekondi ndi otalika makilomita 20, ndiye nsanja za m'nyumba imodzi zikatsatira nthaka zimayendera limodzi ndipo kusiyana kwake ndi kochepa. Mukakhazika imodzi bata inzake n'kuisiya, galafu ya imodziyo imakongola pamene cavity ikuvutika kuposa kale. Yerekezani nsanja ziwiriziwiri, molunjika mmene kuwala kumayendera.

Liwiro limalowanso mu data ya strain, imene amafunafunamo mafunde a mphamvu yokoka, kudzera pa kuwala kobalalika. Kuwala kukagunda chinthu choyenda n'kubwerera, kumatulutsa phokoso lofika pa frequency ya 2v/λ, pamene v ndi liwiro la chinthucho ndipo λ ndi kutalika kwa funde la laser, 1064 nm. Chinthu choyenda 5 µm uku ndi uku pa 0.15 Hz chimafika liwiro la 4.7 µm pa sekondi, phokoso lake n'kufika 9 Hz. Kuwala kukabwerera kawiri ndi 18 Hz, katatu 27 Hz, m'kati mwa dera limene amafunafunamo mafunde. Pa spectrogram zimaoneka ngati mauta osanjikizana, obwera masekondi atatu ndi pang'ono aliwonse. Mukawaona, vuto lili pa 0.15 Hz, osati pa 20 Hz. Tengani liwiro la chinthu chimene mukuchikayikira, muwerengere 2v/λ nthawi ndi nthawi, muike mzerewo pamwamba pa spectrogram. Ukatsata mautawo, mwachipeza.

Masiku awiri osafanana

Kuyerekeza fyuluta yakale ya Lolemba ndi yatsopano ya Lachinayi ndi kuyerekeza nyengo ziwiri. Microseism ingasinthe ka 10 m'masiku ochepa. Njira yolondola ndi kusinthasintha, yakale, yatsopano, yakalenso, m'maola otsatizana, ndipo pagalafu pazikhala mzere wa nthaka wa nthawi iliyonse. Ngati mukugwiritsa ntchito data yakale, sankhani nthawi poyang'ana RMS ya nthaka m'madera a 0.03–0.1, 0.1–0.3, 0.3–1, 1–3, 3–10 ndi 10–30 Hz pamodzi ndi liwiro la mphepo, ndipo muyerekeze zofanana zokhazokha. Dera la 1–3 Hz limatsatira ntchito za anthu: ku Livingston masitima apamtunda ndi odula mitengo, kuno malole a pa msewu wa M3 ndi zigayo.

Samalani nthawi. Data ya LIGO imalembedwa m'masekondi a GPS, owerengedwa kuyambira pa 6 January 1980, ndipo kuyambira 2017 GPS ili patsogolo pa UTC ndi masekondi 18. Malawi ili patsogolo pa UTC ndi maola awiri. Yesani pulogalamu yanu ndi GW150914, mafunde oyamba kugwidwa: pa 14 September 2015, 09:50:45 UTC, imene ndi 11:50:45 kuno, GPS 1126259462. Nthawi imeneyo kusiyana kunali masekondi 17. Pulogalamu ikaphonya apa, coherence iliyonse pakati pa data ya magwero awiri ndi yokayikitsa. Kuchedwa kwa sekondi imodzi pa 0.15 Hz ndi madigiri 54.

Chivomerezi ndi sensa yodzaza

Chivomerezi chakutali chimafika ndi mafunde a Rayleigh, oyenda pafupifupi makilomita 3.5 pa sekondi, ndipo mphamvu yake imagwera pakati pa 0.03 Hz ndi 0.1 Hz, pomwe pali chitunda cha sensor correction. Chivomerezi chonga cha ku Karonga cha mu December 2009, mafunde ake angatenge ola limodzi ndi mphindi zochepa kuti ayende makilomita pafupifupi 14,000 kukafika ku Livingston. Lock ikatayika popanda chifukwa chooneka, tsegulani mndandanda wa zivomerezi wa USGS, bungwe la boma la America, mubwerere m'mbuyo maola awiri, osati mphindi zisanu.

LIGO imalandira chenjezo kuchokera ku pulogalamu ya Seismon ndipo imasinthira ku earthquake mode, mmene nsanja zonse zimaloledwa kuyendera limodzi ndi nthaka ndipo chimene chimaponderezedwa ndi kusiyana kwake kokha. Mukaweruza nthawi imeneyi ndi galafu ya nsanja imodzi mudzati yaipa, chonsecho ikuchita chimene anaipangira. Onani kaye kuti makina anali mu mode iti.

Musanawerengere spectrum iliyonse, yang'anani data yosakonza. ADC ya 16-bit, chipangizo chosandutsa chizindikiro cha sensa kukhala manambala, imathera pa 32768 mbali zonse. Nsonga zodulidwa zafulati zimabala phokoso pa ma frequency onse, ndipo masekondi ochepa otere amaononga average ya maola awiri. Watchdog, pulogalamu yoteteza makina, ikazimitsa lupu, nsanja imatsala pa masipuling'i ake okha. Zidutswa zimenezo zichotseni, ndiponso mphindi zingapo zotsatira pamene T240 ikukhazikika.

Nsonga zopyapyala

Chitunda chotambalala pa ma Hz makumi angapo, pafupi ndi pamene gain ya lupu imatsikira pa 1, ndi chizindikiro cha phase margin yochepa, kutanthauza kuti lupu yayandikira kuyamba kugwedezeka yokha. Yezani open loop transfer function. Pansi pa madigiri 30 chitundacho chimakula msanga. Ngati nsonga yabwera atangosintha katundu wa pa nsanja, resonance yasuntha ndipo notch, fyuluta yopondereza frequency imodziyo, yatsala pamalo akale.

Nsonga zina si za nsanja. Pafupi ndi 9.7 Hz ndi 13.8 Hz ndi kudumpha ndi kugudubuzika kwa galasi pa tizingwe take, ndipo pafupi ndi 500 Hz ndi kulira kwa tizingwe tomweto. Magetsi amaoneka pa 60 Hz ku LIGO, pa 50 Hz ku Virgo ndi kuno kwathu. Jenereta ya 1500 rpm imagwedeza nthaka pa 25 Hz, ya 3000 rpm pa 50 Hz, ndipo yachiwiriyi imabisala kuseri kwa nsonga ya magetsi. Kuti musiyanitse kugwedezeka ndi kulowerera kwa magetsi pa waya, chotsani geophone muike resistor ya mlingo wofanana ndi koyilo yake, mujambulenso. Nsonga ikatsala, ndi ya waya ndi amplifier. Chojambulira data chizikhala pa batire usiku wonse, ndipo lembani nthawi imene magetsi anazima ndi imene jenereta inayaka, kuti zidutswa zimenezo muziwerengere padera.